Kaseti ya Amuna Anayi

Tisungane anaimva nyimboyo Lachitatu m'mawa akugula kabichi pa msika wa Lizulu. Inkachokera tsidya la msewu, mbali ya ku Mozambiki, kumene bambo wina wa kabaza anamangirira kasipika pa njinga yake yamoto. Poyamba kunamveka thumba la mbatatesi likugwa pansi, di, di, ngati ng'oma. Kenaka sikelo inalira. Kenaka anabwera mawu a mwamuna, okhuthala, oyimba Chingoni mosathamanga. Anali mawu a bambo ake, a Thomas, amene anaikidwa m'manda ku Mlangeni zaka zisanu ndi zitatu zapitazo.

Kabichi uja anamupulumuka m'manja. Mayi wogulitsayo anamufunsa ngati wamva chizungulire, iye nangopukusa mutu. Nyimboyo inayenera kukhala m'malo awiri okha padziko lonse: m'bokosi la bwenzi lake Yasin ndi m'foni ya iye mwini.

Atsikana a pa Lizulu amadziwa kusankha. Wina amasankha wa lole, wina wa golosale, wina mlimi wa mbatatesi wa maekala khumi. Tisungane, mwa amuna onsewo, anasankha wa zitsekerero za mabotolo. Yasin, mwana wa a Omari a sitolo ya nsalu, ankakonza mafoni ndi mawailesi pakhonde la bambo ake, koma mtima wake wonse unali pa bokosi limene anapanga yekha. Analumikiza kiyibodi ya ana ya pakaunjika, wailesi ya galimoto yakufa ndi foni yosweka galasi, ndipo pamwamba anakhomapo zitsekerero khumi ndi ziwiri ngati mabatani. Chitsekerero chilichonse chinkasunga phokoso lake. Ukadina ichi, kondakitala akuitanira a ku Dedza. Ukadina icho, mvula ikugwa pa malata. Yasin ankasakaniza zonsezo mpaka zikhale nyimbo imene anthu sankadziwa kuti avine kapena aseke. Ambiri ankaseka. Tisungane tsiku loyamba anaima pakhondepo ola lathunthu, foni yake itakonzedwa kalekale, ndipo chikondi chinayambira pomwepo.

Zinatenga chaka chathunthu kuti malume ake a Tisungane, a Fyson Ngozo, avomere kungomva chabe za mnyamata wa ku mzikiti. Anakana, anakananso, kenaka anafewa atamva kuti mnyamatayo samwa mowa ndipo salankhula akulu akulankhula. Loweruka likudzali ankhoswe a Yasin amayenera kufika ku Mlangeni kudzafunsira mbeta. Panatsala masiku atatu okha, ndipo tsopano malemu bambo ake anali kuyimba pa njinga ya kabaza.

Mlandu wake Tisungane ankaudziwa bwino. Kuchipinda kwa amayi ake, a Nangozo, kunali sutikesi yachitsulo imene a Thomas anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndipo amayiwo analamula kuti munthu asadzaitsekule. Koma mwana amaona. Tisungane ankadziwa kuti m'menemo muli kaseti ya mawu a bambo ake, ndipo chaka chino anazindikira ndi mantha kuti wayamba kuiwala mmene bambowo ankalankhulira. Nkhope ankaikumbuka, mawu ayi. Lachinayi lina amayi ali ku Mvano, anaitenga kasetiyo, nathamangira nayo kwa Yasin kuti amusamutsire mu memori khadi, ndipo madzulo asanafike anali ataibwezera. Yasin, amene Chingoni sachimva ngakhale liwu limodzi, anagwa nawo m'chikondi mawuwo. Anadula mzere umodzi, nauika pansi pa chitsekerero chofiira, naupangira nyimbo ngati mphatso ya chinkhoswe chawo. Tisungane anailirira sabata yathunthu, misozi yachimwemwe. Nayenso tanthauzo la mawuwo sankalidziwa.

*

Anamupeza Yasin akuwotcherera waya, utsi uli tolo. Atamuuza, mnyamatayo anazimitsa chowotchereracho pang'onopang'ono, nalumbira pali Mulungu kuti sanapatse munthu aliyense, ngakhale mlongo wake Sakina amene ankaipempha tsiku ndi tsiku. Anati bokosilo siligwira intaneti, ndipo bulututhi yake anaichotsa dala kuti anthu asamamubere nyimbo zimene sanamalize.

"Foni yako inachokapo m'manja mwako?" anafunsa.

Tisungane anati ayi. Kenaka anakumbukira Lolemba. Foni sinachoke m'manja mwake, koma khadi inachoka. Anaipereka kwa Pauline, wobena nyimbo pa kompyuta pafupi ndi siteji ya maminibasi, kuti amuikiremo makwaya oti amayi ake azimvera. Anadikira panja mphindi khumi akucheza ndi mnzake wa kusukulu.

Yasin sanamukalipire, ndipo kusakalipako n'kumene kunamupweteka kwambiri. Anangoti obena nyimbo onse ali ndi chizolowezi chimodzi: khadi ikalowa m'kompyuta, amakopera zonse zimene zilimo asanaikemo zatsopano, chifukwa ndi mmene katundu wawo amachulukira. Aliyense wa pamsika ankadziwa zimenezi, kupatula bwenzi la munthu wokonza mafoni.

*

Pauline anamulandira ndi mano onse panja. Anali mkazi wokongola, tisamunamizire, wa mawu ofewa ngati akukupatsa moni wa pamaliro. Kwa zaka ziwiri kompyuta yake inkawonongeka modabwitsa sabata iliyonse kuti Yasin abwere kudzaikonza, ndipo inachira mwadzidzidzi mwezi umene Yasin anayamba kuperekeza Tisungane ku siteji.

Tisungane anamupempha mwaulemu kuti aifufute nyimboyo. Pauline anati kufufuta si vuto, nadina batani pamaso pake, nyimboyo nichoka. Kenaka anayamba kuwerenga pa zala, mosangalala, kumene inali itafika kale. Makondakitala a ku Balaka anaitenga Lolemba lomwelo. Ogula mbatatesi a ku Lilongwe anaitenga Lachiwiri. Anyamata a ku Tsangano ankapatsirana pa bulututhi, ndipo wina anaiponya pa gulu la Watsapu la oyendetsa kabaza, limene lili ndi anthu mazana awiri mbali zonse za malire. Anati anaipatsanso dzina, popeza inalibe: Yasin ndi Mzukwa.

"Ukanandithokoza, mnzanga," anatero. "Mwamuna wako anthu ankamuseka. Ndamutchukitsa ine m'masiku awiri."

Tisungane anamuuza kuti mawuwo ndi a bambo ake. Pauline anagwira pachifuwa ngati wadzidzimuka, koma maso ake sanadzidzimuke nawo.

"Pepa, sindinadziwe. Nanga kwanu anavomera kuti malemu azivinidwa m'mabala? Poti Loweruka kuli alendo."

Madzi akatayika saoleka. Pobwerera ku Mlangeni, Tisungane anaimvanso nyimboyo kawiri, koyamba m'minibasi momwemo, kachiwiri pa foni ya munthu wowotcha chimanga pamsewu. Nthawi zonse ziwirizo anaweramitsa mutu ngati bambo ake angamuone.

*

Lachinayi linadutsa bwinobwino, ndipo iye anayamba kudzinamiza kuti mwina mphepo iwomba kulowera kwina. Lachisanu masana iye ndi amayi ake anali pakhonde kusankha nyemba za alendo pamene a Fyson anatulukira akukankha njinga. Sanaikwere, ankaikankha. Anavala jekete yakuda ija imene ankavala pa maliro pokha, ngakhale dzuwa linali lowotcha.

Anakana mpando. Anaima pabwalo nafunsa mlongo wawo kuti wamwalira ndani. A Nangozo anati palibe, chifukwa chiyani. A Fyson anati anali kuchigayo, ndipo mwini chigayo atazimitsa injini, anamva a Thomas akuyimba m'thumba la malaya a munthu. Anamva ndi mawu awo omwe, a Fyson, akuyankha chapansipansi kumbuyo kwa a Thomas.

Lichero linagwa pamiyendo pa a Nangozo, nyemba n'kumwazika. Anathamangira kuchipinda, nabwera ndi sutikesi ija akuikoka. Kaseti inalimo. Koma inali yokulungidwa m'kansalu koyera, ndipo amayiwo anayang'ana mfundo ya kansaluko nthawi yaitali. Anati iwo amamanga kawiri, apa pamangidwa kamodzi.

Apa m'pamene a Fyson anakhala pansi, nafotokoza zimene Tisungane sanauzidwepo. Anati ku mgodi anali amuna asanu a kuno kwathu, ogona chipinda chimodzi. Mmodzi, Obed wa ku Njolomole, thanthwe linamugwera pansi pa nthaka, ndipo mtembo wake sunatuluke. Otsala anayiwo analibe maliro oti alire, choncho anabwereka wailesi ya kaseti, nayimba nyimbo ya makolo yoperekezera munthu kumanda, kuti mzimu wa mnzawo upeze njira yobwerera kwawo. Atatha anagwirana manja napangana kuti kasetiyo isadzalire wamba. Izidzalira kumanda kokha, akazi atabwerera kumudzi, tsiku limene mmodzi wa iwo akuikidwa, kuti anzake amuyimbire ngakhale amene anatsogola kale. Inalira kwa woyamba. Inalira kwa wachiwiri. Inalira kwa a Thomas.

"Ndatsala ndine," anatero. "Anzanga akundiyimbira kuyambira pa Lizulu mpaka ku Balaka, ine ndikuyenda ndi miyendo yanga."

Tisungane anawayang'anitsitsa a Fyson. Ankawakonda malume akewo. Ndi iwo anamulipirira sukulu bambo ake atamwalira, ndi iwo ankamutengera nzimbe pa njinga ali mwana. Tsopano anaoneka okalamba kuposa mmene analili Lamulungu lapitali. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu.

A Fyson anati afunsa kale kuchigayo, ndipo auzidwa dzina la nyimboyo ndi la mwini wake. Chimene sankadziwa n'chakuti kasetiyo inatuluka bwanji m'nyumba. Anati pali njira ziwiri. Ngati anaitulutsa ndi mlendo, umenewo ndi umbava chabe, ndipo umbava uli ndi kokauweruza. Mlendo sangaitanire imfa pakhomo pa eni ake, chifukwa mizimu simudziwa. Koma ngati anaitulutsa ndi wa magazi awo, ndiye kuti ameneyo wawakumbira manda ndi manja ake.

"Ameneyo asadzalire pa maliro anga. Ndipo pakhomo pano achoke ine ndisanafe."

Anatembenuka namuyang'ana Tisungane. Amayi akenso anamuyang'ana, dzanja lili pamtima, mmene ankachitira kuthamanga kwa magazi kukawayamba. Malume anamufunsa ngati akudziwapo kanthu. Tisungane anatsekula pakamwa kuti anene zoona, ndipo ndikhulupirira kuti ankafunadi kunena. Koma anaona milomo ya amayi ake itauma gwa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti sakudziwa.

A Fyson anati alendo a mawa abwere monga anapangana, koma mnyamatayo abwere nawo, ngakhale si mwambo kuti wofunsira afike yekha. Abwere ndi bokosi lake.

*

Dzuwa lisanalowe, Tisungane ananyamula ndowa ngati akupita kumjigo, nabisala kuseri kwa tchalitchi kumene netiweki imagwira. Analembera Yasin zonse: za Obed, za pangano la amuna anayi, za mlendo ndi wa magazi. Analemba kuti wanama, ndipo akuchita manyazi. Analemba kuti mawa aulula, zivute zitani.

Yankho linachedwa. Anaona kuti Yasin wawerenga, wayamba kulemba, wasiya, wayambanso.

"Ukaulula upita kuti?"

Iye analemba kuti sakudziwa, mwina kwa azakhali ake ku Boma.

"Nanga amayi ako?"

Tisungane analilumpha funsolo. Analemba kuti Yasin asabwere mawa, anamizire matenda, mpaka mitima izizire. Yasin anati munthu amene wathawa tsiku loyamba sapatsidwa mkazi tsiku lachiwiri. Anati sanadziwe kuti akuseweretsa maliro a munthu wamoyo, ndipo chimenecho chikumudya kuposa china chilichonse. Uthenga womaliza unali waufupi.

"Mawa usalankhule. Ndisiyire ine."

Tisungane anauwerenga katatu. Unali uthenga wa munthu womukonda, koma sunamutonthoze ngakhale pang'ono. Anabwerera kunyumba ndowa ili yopanda madzi, ndipo amayi ake sanafunse.

*

Loweruka kunacha ndi nkhungu. Alendo anafika cha m'ma teni: atsibweni ake a Yasin, bambo wamtali wa mkanjo woyera amene ankagulitsa nsapato ku Boma, mnzawo mmodzi, ndi Yasin pambuyo atakumbatira bokosi lake lokutidwa ndi chitenje. Anabwera ndi shuga, sopo ndi nsalu ya amayi, monga anthu odzapempha. Mphatsozo zinaikidwa pamphasa ndipo palibe anazikhudza.

Pabwalo panali anthu ambiri kuposa amene anaitanidwa. Nkhani inali itayenda m'mudzi monga inayendera nyimbo. Tisungane anakhala pakhonde pafupi ndi amayi ake, atafunda chitenje mpaka kumutu.

Atsibweni aja anayamba ndi mawu okoma, akuti aona maluwa pakhomo pano. A Fyson anawadula mwaulemu, nati za maluwa zidikire. Anauza Yasin kuti avundukule bokosilo ndi kuwaonetsa pamene pali a Thomas. Yasin anagwada, nalumikiza batire, naloza chitsekerero chofiira. A Fyson anati adine.

Mawuwo anatuluka okha, popanda thumba la mbatatesi, popanda sikelo. Mzere umodzi wokha, kenaka chete. Akuluakulu awiri amene anali kumanda tsiku loika a Thomas anavula zipewa osauzidwa. A Nangozo anayamba kulira mopanda phokoso. A Fyson anati adinenso, ndipo anamvetsera maso ali otseka. Atawatsekula anafunsa funso limodzi lokha, kuti kasetiyo anamupatsa ndani.

Tisungane anasuntha miyendo kuti aimirire. Yasin anamuyambirira.

"Palibe anandipatsa, bambo. Ndinaitenga ndekha."

Anafotokoza mosadodoma, ngati munthu amene wabwereza mawu ake m'njira yonse. Anati mwezi watha anaitanidwa kudzakonza magetsi a sola a m'nyumbamo, ndipo zimenezo zinali zoona, mudzi wonse unamuona. Anati waya wina unkadutsa kuchipinda kwa amayi. Anaona sutikesi, anaitsekula, anatenga kaseti chifukwa amakonda mawu akale, ndipo anaibwezera tsiku limene anabwera kudzaona ngati magetsiwo akuyaka bwino. Anati Tisungane sankadziwa kanthu. Anapepesa, mphumi ili pafupi kugunda pansi.

Atsibweni ake anamuyang'ana ngati sakumudziwa. Anamufunsa m'Chiyao mawu awiri atatu, iye nagwedeza mutu kuvomera. Bambowo anaimirira, napinda mkanjo wawo, nati iwo anabwera kudzapempha mkazi, osati kudzaikira kumbuyo munthu wotsekula masutikesi a amasiye. Anapepesa kwa a Fyson, natuluka pabwalopo ndi mnzawo uja, osacheuka.

Chodabwitsa n'chakuti nkhope ya a Fyson inamasuka. Anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula thumba. Anati ngati ndi mlendo, ndiye kuti imfa sinaitanidwe, angokhala atabedwa. Wina pagululo anati zikomo Ambuye. A Nangozo anagwira dzanja la mwana wawo nalifinya mwamphamvu, akunong'oneza kuti usiku wonse anapemphera kuti asakhale iye, ndipo Mulungu wamva. Tisungane sanamvepo dzanja lolemera chonchi chibadwire.

A Fyson anati za ukwati zathera pomwepo, chifukwa mbala siipatsidwa mwana, ingadzabe ndi nyumba yomwe. Anati bokosilo litsala m'manja mwawo. Yasin sanatsutse. Anachotsa batire, nalivundikira bokosilo ndi chitenje bwinobwino, monga amachitira madzulo alionse pofuna kuliteteza ku fumbi. Tisungane anaganiza kuti zathera apa, kuti wataya mwamuna koma amayi ake apulumuka, ndipo anayamba kale kudzida chifukwa cha kampumulo kamene anamva mumtima.

Koma a Fyson anali asanamalize. Anati iwo si munthu wobwezera, koma anzawo atatu ali m'manda sangathe kudandaula okha, ndipo munthu wolowa kuchipinda cha mkazi wamasiye kukaba sangangopita ndi pepani. Lolemba apita kukasuma ku polisi. Wina anati apolisi adzafuna mboni. A Fyson anati mboni ilipo, chifukwa tsiku la magetsilo mlongo wawo anali kudimba ndipo pakhomo panatsala munthu mmodzi. Anatembenukira kukhonde, mawu awo atafewa ngati kale.

"Tisungane, mwana wanga, ndikudziwa zikukupweteka. Koma unalipo ndiwe. Lolemba tipitira limodzi, ukanene ndi pakamwa pako kuti unamuona akulowa kuchipinda kwa amayi ako."

Bwalo lonse linamuyang'ana. Yasin anali chigwadire pafupi ndi mphatso zake zosakhudzidwa. Anadzutsa maso, nakumana ndi ake, napukusa mutu pang'ono kwambiri, moti anaona ndi iye yekha. Ankamuuza kuti asaulule. Amayi ake anali asanalisiye dzanja lija.

"Wamva, mwana wanga?" anafunsanso a Fyson.

"Ndamva, malume," anatero Tisungane. "Ndipita."